Pampu Yomwe Ndinakonza pa Chitunda cha Lichenya

Mwa matenda onse a galimoto, amene ndimadana nawo mpaka lero ndi a pampu ya mafuta. Tayala likaphulika aliyense amaona. Batire ikafa, yafa basi, palibe wotsutsa. Koma pampu siifa tsiku limodzi. Imadwala pang'onopang'ono, kukuzunza uli wekha panjira, ndipo ukaitana anthu kuti adzaone imagwira ntchito ngati yatsopano. Imakusandutsa wabodza. Masiku ano galimoto ikakusandutsa wabodza anthu amangokuseka. M'zaka za chipani chimodzi, kuoneka wabodza pamaso pa anthu olakwika kunkatsekeretsa munthu popanda mlandu kuzengedwa, ndipo izi ndi zimene zinagwera alamu anga.

Nthawi imeneyo ndinali makaniko pa Limbuli. Ntchito ndinaphunzirira ku galaja ya esiteti ina ya tiyi, kumene ndinatha zaka ndikutsuka zitsulo asanandilole kugwira sipanala. Nditachoka kumeneko ndinatsegula yanga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa masitolo, ndili ndi bokosi limodzi la zitsulo ndi matama odzaza ngolo. Ndinkanena poyera kuti ine injini ndimaimva ndi khutu, kuitsegula n'kungotaya nthawi. Anthu ankakhulupirira. Choipa kwambiri n'chakuti nanenso ndinkakhulupirira.

Alamu angawo anakwatira mchemwali wanga wamng'ono, n'kudzamanga pakwathu monga mkamwini. Anabadwira tsidya lina la malire, kwa Apwitikizi, ndipo anabwera kuno ali kumsana kwa mayi awo. Chichewa chawo chinali cholemera ndi Chilomwe kuposa cha enafe, ndiye pagulu sankakonda kutsegula pakamwa. Anali munthu woti ukawaponda phazi, wopepesa ankakhala iwowo. Ankayendetsa lole ya mkulu wina wachisilamu, wamalonda pa Limbuli pomwepo. Inali lole yakale ya petulo, yonyamula chimanga, nandolo, nkhuni, chilichonse chimene chapezeka. Wokonza lole imeneyo ndinali ine, ndipo palibe wina ankaloledwa kukweza boneti yake.

M'nyengo yotentha ya chaka chimenecho, alamu anabwera kudzandiuza kuti lole ikumatopa pamtunda. Akanyamula katundu wambiri, dzuwa n'kukwera, ikafika pachitunda inkayamba kugwedezeka ngati ikutsamwa, nthawi zina n'kuzimiratu. Akadikira kanthawi inkalira bwinobwino. Ndinaliza injini, n'kupendeka mutu monga ndinkachitira anthu akamandionerera, ndipo ndinagamula kuti ndi mapulagi. Ndinawapala, n'kuwauza kuti azipita. Sabata isanathe anabweranso. Ulendo uno ndinati ndi fumbi mu kabuleta. Ndinaimasula, kuitsuka, kuuzira timabowo take tonse ndi pakamwa, kenako ndinayendetsa lole mpaka kumsika n'kubwerera. Inali yopanda katundu, msewu unali wosalala, kunja kunali kusanatenthe, ndipo inayenda ngati mwana wa mbuzi. Ndinawauza alamu kuti mwina vuto ndi kaponderedwe kawo.

Ulendo wachitatu anandiuza chinthu chimene chikanayenera kundidzutsa. Anati oyilo mu injini, m'malo mochepa, akuchuluka. Ndinaseka mpaka misozi. Madzulo ake ndinakaifotokoza nkhaniyo pa bawo, kuti lole ya alamu yayamba kukamidwa ngati ng'ombe, abwana awo asiye kugula oyilo. Anthu anaseka, alamu nawonso anaseka pang'ono, chifukwa ankandilemekeza.

Chonsecho yankho ndinali nalo m'mutu kuyambira ku esiteti. Pampu ya malole akale aja imakhala m'mbali mwa injini. M'kati mwake muli kamphira kopyapyala kozungulira, ife tinkangoti chikopa, kamene kamakwera ndi kutsika, kukoka petulo ku thanki n'kumukankhira ku kabuleta. Chikopacho chikang'ambika, petulo wina amadonthera pansi kukasakanikirana ndi oyilo, ndipo kabuleta imamva njala nthawi imene injini ikufuna kudya kwambiri, pamtunda, itanyamula katundu. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma ndinali nditanena kale pagulu kuti lole ilibe vuto, ndipo kubweza mawu kunkandiwawa kuposa kuzula dzino. Akuluakulu ananena kuti ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Yanga inalibenso ndi zenera lomwe.

Kenako kunabwera uthenga woti Mtsogoleri wa dziko abwera ku Mulanje, ndipo amayi a nthambi iliyonse ya chipani akavine pabwalo la ku Boma. Inu amene simunaone masiku amenewo mumvetse kuti sinali nkhani yofunsa munthu ngati akufuna. Amayi ankasiya minda kuti aziyeserera nyimbo, ndipo aliyense wokhala ndi lole ankangouzidwa tsiku ndi ola. Mwini lole uja anauzidwa kuti yake inyamula amayi a nthambi ya kwathu, a tcheyamani a nthambiyo atakhala kutsogolo pambali pa dalaivala. Mchemwali wanga anali mmodzi mwa amayi ovinawo.

Kutatsala tsiku limodzi, alamu anabwera ndi lole ku galaja. Anaima nthawi yaitali akupotokola chipewa m'manja, ine ndikumaliza kumata chubu cha njinga ya munthu.

"Ndikuopa, alamu," anatero. "Mawa si chimanga ayi."

A tcheyamani anali chapafupi, atabwera kudzaona ngati lole yatsukidwa. Ndinaliza injini, kuiponda moto mpaka nkhuku kubalalika, n'kunena mokweza kuti onse amve kuti lole imeneyi ikhoza kupita ku Blantyre n'kubwerera osatsokomola. Alamu anavala chipewa chawo, n'kupita ndi lole.

M'mawa mwake ananyamuka amayi ataimirira kumbuyo, atapanikizana, nyimbo ili pakamwa. Ine ndinatsala. Galaja ndinatseka monga anatilamulira, ndipo tsiku ndinalithera pa bawo. Dzuwa litapendeka ndinaona njinga ikubwera itanyamula mchemwali wanga, akadali m'nsalu ya chipani, mapazi atatupa, nkhope itayera ndi fumbi.

Anandifotokozera ataima, anakana mpando. Lole inayenda bwino mpaka kuoloka mlatho wa Lichenya. Itafika pakati pa chitunda cha patsogolo pake inayamba kugwedezeka, kenako zii. Alamu anatsika n'kuika miyala kumatayala, amayi anatsika, anadikira. Inalira. Amayi anakwera, inayenda pang'ono, inazimanso. Zinachitika katatu, a tcheyamani akukalipa, maso ali pawotchi. Pomaliza anauza amayi kuti ayende wapansi, athamange ngati angathe. Anakafika ku Boma magule atatha, magalimoto a Mtsogoleri atapita kale. Malo a nthambi yathu anakhala opanda munthu tsiku lonse, ndipo akuluakulu anaona.

Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma a tcheyamani athu anaipeza njira yoilewera. Anabwerera pachitunda paja pa galimoto ya chipani, ali ndi anyamata a chipani a malaya ofiira. Anapeza alamu atakhala pamwala akulondera lole. Mchemwali wanga ndi amayi ena anali atangofika pamalopo, akubwerera kumudzi wapansi, ndiye anaona zonse. Injini inali itazizira, kumbuyo kunalibe munthu. Anyamata aja anauza alamu kuti ailize. Alamu anapotokola kiyi kamodzi kokha, lole inalira. A tcheyamani anatembenukira amayi n'kuwafunsa ngati imeneyo ndi galimoto yowonongeka. Anati munthu uyu ndi wa tsidya lina, anatumidwa kuti achititse manyazi Mtsogoleri. Alamu anayesa kufotokoza, koma mawu ankawakanika, ndipo anyamata aja ankawaseka malankhulidwe kwinaku akuwamenya makofi. Anawaponya m'galimoto ya chipani ija. Anasiya uthenga woti mwini lole aibweretse ku Boma mawa lake dzuwa lisanafike pamutu, akaiyese akatswiri.

Atamaliza kufotokoza, mchemwali wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, munati lole ili bwino."

 Ndinamuuza kuti apite akagone ndi mtima umodzi, mawa ndikabwera ndi amuna ake. Ndinali ndisanasiye kulonjeza.

Kutangocha ine ndi mwini lole tinapalasa njinga, bokosi la zitsulo ndi chigubu cha oyilo zili pakaliyala. Tinaipeza lole pomwe anaisiya, miyala ikadali kumatayala, kumbuyo kuli chitenje cha mayi wina ndi nsapato imodzi. M'munda wa tiyi mbali zonse anthu anali atayamba kale kuthyola, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatiyang'ana kawiri. Nkhani inali itawafika.

Tsiku limenelo khutu ndinaliika pambali. Ndinachita zimene ndikanayenera kuchita milungu itatu m'mbuyomo. Ndinaliza injini, n'kuphimba kutsogolo kwake ndi thumba kuti itenthe msanga ngati masana. Itatentha ndinaizimitsa, ndinamasula paipi yolowa ku kabuleta n'kuilozetsa m'botolo, ndipo ndinapempha mkulu uja kuti apukuse injini ndi handulo. Pampu yamoyo imalavula petulo mwamphamvu, kulavula, kupuma, kulavulanso. Iyi inkangotulutsa timadontho tosakanikirana ndi thovu. Sindinafune kudzinamizanso, ndiye ndinayamba ndaona zina zonse. Ndinauzira paipi yochokera ku thanki, ndinamva petulo akubwata m'thankimo, kusonyeza kuti njira ndi yotsegula. Sefa inali yoyera. Kabowo ka pachitsekerero cha thanki kanali kosatsekeka. Ndinaika chala pakamwa pa pampu, mkulu uja akupukusa, ndipo m'malo mondiyamwa chala inkangondigwira ngati khanda lodwala. Kenako ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali atapitirira mzere, ali wamadzimadzi ngati tiyi, ndipo fungo la petulo linandimenya m'mphuno ndisanakayandikize n'komwe.

Ndinamasula tizomangira ta pampu n'kutulutsa chikopa. Pochiyang'ana chinkaoneka chabwinobwino. Nditachipinda n'kuchilozetsa kudzuwa, ndinaona kamng'alu kakang'ono ngati mphini, kamene kankatseguka ukapinda, n'kutsekeka ukasiya. Chikazizira chinkauma, mng'alu n'kugwirana. Chikatentha chinkafewa, mng'alu n'kuyasama. Alamu sananame ndi kamodzi komwe. Ndinakuwa ndi chimwemwe pamsewu pomwepo, ndikumuuza mkulu uja kuti mlandu watha, munthu wathu atuluka lero.

Mkulu uja anali wodekha, wa ndevu zoyera, wosakonda kutsutsana ndi munthu. Anachiyang'ana chikopacho nthawi yaitali.

"Mwanangu, chibwezeremo momwe chinaliri," anatero. "Tikapemphe thirakita ku esiteti, tiikoke. Akaione ikudwala."

Ndinakana. Ndinali ndi zifukwa, ndipo zina zinali zomveka. Kupempha thirakita ku esiteti kunkafuna kalata, kalata inkafuna bwana, ndipo bwana akanatipeza dzuwa litapendeka. Anthu a chipani aja anali atakwiya kale chifukwa cha kuchedwa, nanga tikachedwenso kachiwiri? Ndinkaganiza kuti tikafika msanga, lole ili yaukhondo, ife tili aulemu, mitima yawo ifewa. Koma chifukwa china sindinachinene. Sindinkafuna kuti anthu aone makaniko wa pa Limbuli akulowa m'Boma atakokedwa ndi thirakita ngati ng'ombe yakufa. Komanso manja anga anali ataphunzitsidwa kale. Ku esiteti ankatiuza kuti makaniko wotsegula chinthu, kuona matenda, n'kutsekanso osakonza, ndi wakuba. M'bokosi langa munali chikopa chabwino chimene ndinachotsa pa pampu ina. Mkulu uja akulankhulabe, ine ndinali nditachiika kale.

Sindinalekere pomwepo. Oyilo wosakanikirana ndi petulo amapha injini, ndiye ndinamukhuthulira yense m'ngalande, n'kuthira watsopano wa m'chigubu chija. Nthaka youma inamumwa ife tikuona. Chikopa chakale ndinachikulunga m'kampango n'kuchiika m'thumba la ovololo. Tinakweza njinga kumbuyo, ndinachotsa miyala, ndipo lole inakwera chitunda chija osadandaula. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma njira yonse ndinkaimba muluzu.

Tinalowa m'bwalo la ofesi ku Boma nthawi isanakwane. Pakhonde panatuluka mkulu wa chipani woyang'anira boma lonse, munthu wamfupi wovala suti yakuda m'dzuwa lonse lija. Pambali pake panali a tcheyamani athu, wapolisi mmodzi, ndi makaniko wa boma, bambo wachikulire wa ovololo ya khaki amene ndinkangomudziwa nkhope. Mkulu wa suti uja anaiyang'ana lole, n'kundiyang'ana ine.

"Yabwera yokha?" anafunsa.

Ndinayankha kuti inde bwana, ndipo mawu akutuluka m'kamwa ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinayamba kufotokoza za pampu, koma anakweza dzanja. Anati galimoto ilankhule kaye yokha, anthu alankhula pambuyo.

Anyamata a malaya ofiira anapita kumsika kukasonkhanitsa anthu, ogulitsa ndi ogula omwe, n'kuwakweza kumbuyo mpaka masipuling'i kugona. Anali ambiri kuposa amayi a dzulo lake, ndipo dzuwa linali lili pamutu. Makaniko wa boma uja anakhala pachiwongolero, n'kulowera msewu wokwera chakuphiri, wotsetsereka kuposa chitunda cha Lichenya. Ine anandisiya pansi pa mtengo m'bwalomo. Lole inkabisika ndi nyumba, koma kulira kwake ndinkakumva bwinobwino.

Moyo wanga wonse ndinali ndisanapempherepo kuti ntchito ya manja anga iwonongeke. Tsiku limenelo ndinapemphera. Ndinkawerenga m'mutu tizomangira tonse timene ndinamanga, kufunafuna kamodzi kamene mwina ndinakasiya kolobodoka. Panalibe. Ndinali nditamanga chilichonse ndi mtima wonse, chifukwa ndinkati ndikupulumutsa mlamu wanga. Ndinkamvetsera kuti mwina itsokomola, kamodzi kokha, ngakhale pang'ono. Inakwera, inatsika. Anati ibwereze. Inakwera, inatsika. Ulendo wachitatu anthu a kumbuyo aja anali atayamba kusangalala ndi ulendo waulere, ena akuimba.

Makaniko wa boma atatsika, mkulu wa suti anamufunsa ngati lole ili ndi vuto. Anayankha kuti ilibe. Sananame.

Pamenepo ndinagwada m'fumbi, ine amene ndinali ndisanagwadirepo munthu kupatula m'tchalitchi. Ndinatulutsa kampango, n'kufotokoza zonse mwachangu, mawu akupondana: kuti pampu inali yodwala, kuti ndaikonza m'mawa womwewo panjira, kuti chikopa chakale ndi ichi. Mkulu wa suti uja anachitenga ndi zala ziwiri, kuchitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti sakuona kanthu. Ndinachipinda kuti aone mng'alu. Anati kameneko aliyense akhoza kukacheka ndi lumo ali panjira. Ndinati oyilo anali ndi petulo. Anafunsa kuti oyiloyo ali kuti. Ndinati ndataya.

Anachipereka kwa makaniko wa boma. Bambo uja anachipinda, anachinunkhiza, n'kundiyang'ana m'maso. Anadziwa. Makaniko aliyense akanadziwa. Mkulu wa suti anamufunsa ngati kanthu kameneko kangaimitse lole. Bambo uja anayang'ana pansi, n'kunena kuti iye sanachione chili m'galimoto, ndiye sangachitire umboni chinthu chimene chabwera m'thumba la munthu. Ndinamuda zaka zambiri chifukwa cha yankho limeneli. Ndinasiya kumuda nditazindikira kuti iye ananena zochepa pofuna kusunga ana ake, pomwe ine mphindi zochepa pambuyo pake sindinanene kalikonse.

Ndinapempha kuti andilole ndibwezeremo chikopa chakale, akwezenso anthu, aone okha. A tcheyamani athu anaseka, akuti taonani, tsopano akufuna akaiwononge ife tikuona. Kenako ananong'oneza mkulu wa suti uja kanthu kukhutu, ndipo iye anandifunsa kuti amakonza lole imeneyi masiku onse ndani. Ndinati ndine. Anafunsa ngati dzana ndinaiona. Ndinati ndinaiona. Anafunsa kuti ndinati bwanji. A tcheyamani anandiyankhira, kubwereza mawu anga a ku Blantyre aja osasiyako ndi limodzi lomwe.

"Ndiye musankhe, amakaniko," anatero mkulu wa suti uja, mosakweza mawu. "Ngati dzana munanena zoona, mlamu wanuyo anachita dala. Ngati munanama, ndiye kuti munapangana, ndipo m'chipinda muja malo akadalipo."

Yankho loona linalipo, loti sindinaname ndipo alamu sanachite dala, ndinangokhala chitsiru chodzikuza. Koma pakhonde paja panalibe malo a yankho limenelo. Ndinayang'ana nsapato zake. Ndinaganiza za akazi anga ndi ana anga atatu. Sindikunena izi podzikhululukira, ndikungonena zimene zinadutsa m'mutu. Mwini lole anandikoka ovololo kumbuyo, ndipo ndinadzuka. Mkulu wa suti anatiuza kuti titenge lole tizipita, tithokoze kuti saitilanda. Tinathokozadi, tonse awiri, tikuomba m'manja.

Kufika kumudzi, mchemwali wanga anali atakhala pamsewu kudikira. Anaona lole ikubwera, anadzuka, anayang'ana kutsogolo kumene kumakhala anthu, n'kuona kuti tilimo awiri. 

Masiku otsatira tinasowa mtengo wogwira. Mchemwali wanga ananyamula chakudya kupita ku Boma, anabwera nacho. Anapitanso, anamuuza kuti munthuyo anasamutsidwa. Kuti wapita kuti, palibe ankanena, ndipo wapolisi wina wachifundo anamunong'oneza kuti kufunsafunsa nakonso ndi mlandu. Ndinapita kwa abusa, anapemphera nane chitseko chili chotseka, n'kundiperekeza potulukira kuseri. Mwini lole anayesa kudzera mwa anzake amalonda, anabwera manja lende. Ndinalemba kalata yofotokoza mmene pampu imagwirira ntchito, ndi chithunzi chojambula pamanja, koma nditamaliza sindinadziwe woti ndimutumizire amene sakanaisandutsa chingwe chondimangira. Akazi anga anaiponya pamoto, ndipo sindinawaletse.

Anthu anayamba kulambalala nyumba ya mchemwali wanga. Iye sananditukwane, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangosiya kundituma. Denga likadontha ankaitana munthu wina. Mwana akadwala ndinkamva kwa anansi. Chimanga ndikatumiza ankalandira, chifukwa ana sadya mkwiyo, koma thumba linkabwerera lopindidwa bwino popanda mawu. Lole ija inapatsidwa dalaivala wina, ndipo inkadutsa pamsewu wa kwathu pafupifupi tsiku lililonse, itadzaza. Sinazimenso pamtunda.

Dzinja linabwera kanayi. Tsiku lina masana alamu anangotsika basi pa Limbuli, opanda kalata, opanda katundu, opanda wowauza chifukwa chimene awatulutsira. Anali ataonda, tsitsi litachita imvi, mano ena kulibe, ndipo ankaponda pansi mosamala ngati pali minga. Mudzi wonse unasonkhana, ndi omwe ankalambalala aja. Nanenso ndinapita, ndinawagwira chanza, n'kukakhala kumapeto kwa mphasa. Za kumene anali sananene tsiku limenelo, ndipo sananenepo mpaka kumwalira kwawo.

Panapita masiku asanabwere ku galaja. Anafika m'mawa wina ndili pansi pa galimoto ya munthu, anakhala pa tayala lakale, n'kudikira kuti ndituluke. Ndinali nditakonza mawu zaka zinayi, koma nditapukuta m'manja onse anathawa. Anayamba ndi iwo. Anafunsa kuti matenda a lole ija anali chiyani. Zaka zonsezo palibe anawauza. Ndinati inali pampu, chikopa chinang'ambika. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Ndinayamba kuwauza zimene ndinachita pachitunda paja, za thirakita imene ndinakana, za oyilo amene ndinataya. Anandidula ndi dzanja. Anati zimenezo akuzidziwa. Chipinda chimene anawatsekera tsiku loyamba chinali kuseri kwa ofesi yomwe ija, chili ndi kazenera kakang'ono m'mwamba.

"Ndinaimva, alamu. Itangokhota kuchoka pamsewu waukulu ndinadziwa kuti ndi yathu, ndipo ndinadziwa kuti mwaigwira ndinu. Ndinawauza anzanga m'chipindamo kuti alamu anga abwera, awapeza matenda, ine ndikutuluka. Ndinakaima pachitseko."

Anayang'ana zala zawo, n'kupitiriza.

"Kenako ndinamva akukweza anthu. Inakwera koyamba, ine ndili chiimire. Inakwera kachiwiri. Kachitatu ndinabwerera kukakhala pansi."

Ndinati andikhululukire. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, osakwanira kanthu. Sanayankhe kuti akhululuka kapena ayi. Ankaoneka ngati akumvetserabe chinthu chakutali.

"Koma inkalira bwino," anatero. "Zaka zonse ndinaiyendetsa lole ija, sinalirepo bwino chonchija."

Sananene mokwiya kapena monyoza. Ankayamikira ntchito yanga, monga ankachitira masiku onse. Ndikanakonda akanatola sipanala n'kundimenya nayo. Ndinakhala pansi m'fumbi pambali pa tayala lija, manja ali pamaondo, ndilibe choti ndingamasule kapena kumanga. Anakhala nane pang'ono, kenako anadzuka mosamala, n'kunena kuti akupita kudimba, akazi awo akuwadikira.